Copenhagen Card m'nyengo yozizira: tigule kapena tizilipira pakhomo?

Amayi a ku Leeds: Moni nonse. Banja la anthu asanu, makolo awiri ndi ana a zaka 5, 9 ndi 13, likupita ku Copenhagen, likulu la Denmark, masiku atatu nthawi yozizira ino. Kodi Copenhagen Card, khadi ya alendo yolowera malo osiyanasiyana ndi kuyendera mumzinda, ndi yoyenera kugula, kapena kuli bwino kumangolipira pakhomo paliponse?

Bambo a ku Luton: Amayi, gulani, koma ikhale ya Discover, osati ya Hop. Ya Discover ndi imene ili ndi metro, basi ndi sitima, kuyambira pa bwalo la ndege la Kastrup pomwe, komanso malo oposa 80 olowa osalipiranso. Ya Hop ndi ya mabasi ozunguza alendo aja, ndipo kuima pamsewu ndi ana kudikira basi mphepo ya m'nyanja ikuwomba ndi chilango. Ya Discover imagulitsidwa pa maola: 24, 48, 72, 96 kapena 120. Wamkulu aliyense amatenga ana awiri osakwana zaka 12 mwaulere, koma makhadi a anawo muwaitanitse nthawi yomwe mukugula anu, sabwera okha. Wa zaka 13 uja afunika kumugulira yake ya junior.

Achemwali a ku Glasgow: Bambo, ulere mukunenawo mbali yaikulu ulipo kale popanda khadi. Ku nyumba yachifumu ya Rosenborg ndi ku malo osungira zinthu zakale ndi zaluso a Nationalmuseet, SMK ndi Glyptotek, mwana wosakwana zaka 18 salipira. Mu metro ndi m'basi, wamkulu wokhala ndi tikiti amayenda ndi ana awiri osakwana zaka 12 osawalipirira. Ndiye ngati ulendo wake ndi wa nyumba zachifumu ndi zinthu zakale, khadi ikungophimba makolo awiri basi, ndipo ya mwana wa zaka 13 ndi ndalama yotaya. Kuli bwino kugula City Pass Small, tikiti ya metro, basi ndi sitima ya zoni 1 mpaka 4, yomwe imafikanso ku bwalo la ndege, n'kumalipira pakhomo.

Musaiwalenso dzuwa. Mu Disembala limatuluka nthawi itapitirira 8 koloko m'mawa, n'kulowa isanakwane 4 koloko madzulo. Khadi imapindulitsa munthu wolowa malo atatu kapena anayi patsiku. Ndi mwana wa zaka 5, wovala jekete, mpango, magolovesi ndi nsapato zolemera, amene pakhomo paliponse muyenera kumuvula n'kumuvekanso, malo awiri ndiye tsiku latha.

Malume a ku Aarhus: Nonse mukunena zoona, koma nkhani yagona pa malo amene ana amalipira. Alipo atatu odula kwenikweni: Den Blå Planet, nyumba ya nsomba ija ili pafupi ndi bwalo la ndege, Experimentarium ku Hellerup, komwe ana amagwiragwira zasayansi, ndi Zoo ya ku Frederiksberg. Kumeneku mwana wa zaka 5 ndi wa zaka 9 amalipira pakhomo, koma ndi khadi amalowa kumbuyo kwa makolo ku Experimentarium ndi ku Zoo; za Den Blå Planet onani kaye ngati ili pa khadi. Awiri oyambawo ndi a m'nyumba, mofunda, ndipo ndi amene amapulumutsa tsiku lamvula. Ngati awiri mwa atatuwa ali pa ndandanda wanu ndipo ali pa khadi, kuphatikiza boti la m'ngalande lochokera pakati pa mzinda, khadi yayamba kubweza.

Chinanso ndi kutuluka m'tauni. Nyumba yachifumu ya Kronborg ku Helsingør ndi mphindi pafupifupi 45 pa sitima, ndipo City Pass Small sifika kumeneko. Discover imafika.

Masamu ake ndi a papepala. Lembani malo amene mudzapitedi, osati amene mukulakalaka. Pa malo aliwonse lembani mtengo wa pakhomo wa akulu awiri ndi ana atatu, monga walembedwera pa webusaiti ya malowo, mu ndalama ya krone, chifukwa Denmark sigwiritsa ntchito euro. Onjezani City Pass ya makolo ndi ya mwana wamkuluyo. Kenako yerekezani ndi makhadi awiri a akulu ndi imodzi ya junior.

Bambo a ku Luton: Nanga Tivoli, paki ya zokwera ndi zisangalalo ija? Payokha imakoka sikelo.

Malume a ku Aarhus: Imakoka ngati ili yotsegula, Bambo. Tivoli sitsegula chaka chonse. Nyengo yake ya Khirisimasi imayamba chapakati pa Novembala n'kutha chaka chikamatembenuka, kenako amatseka. Komanso khadi imangokulowetsani pageti. Zokwera za ana zili ndi tikiti yake, ndipo apa ndi pamene makolo ambiri amadzidzimuka ana ataona kale zinthu zikuzungulira.

Achemwali a ku Glasgow: Lolemba nalonso limadya maola. M'nyengo yozizira malo ambiri osungira zinthu zakale amatseka tsikuli, pomwe wotchi ya khadi siima. Pa 24 Disembala, lomwe ndi tsiku lalikulu la Khirisimasi kwa anthu a ku Denmark, ndi pa 25, pafupifupi paliponse m'potseka. Ndipo maola amayamba kuwerengedwa mukangoiyatsa pa foni. Mukatera usiku, musaiyatse chifukwa cha metro ya mphindi 15 yopita ku siteshoni ya Nørreport, pakati pa mzinda. Gulani tikiti wamba, khadi muiyatse m'mawa pakhomo loyamba. Tsiku lomaliza lisiyireni zaulere: doko lakale la Nyhavn, nsanja ya nyumba ya malamulo ya Christiansborg, ndi kusinthana kwa asilikali ku nyumba yachifumu ya Amalienborg 12 koloko masana. Motero ya maola 48 ikwana pa masiku atatu.

Malume a ku Aarhus: Popeza khadi yonse ili mu foni, nyamulani power bank. Chisanu chimamaliza batire msanga, ndipo foni ikazima muli m'sitima ndiye kuti mulibe tikiti, chindapusa chake n'chowawa. Amene akuyenda ndi pasipoti ya Malawi asagule kanthu viza ya Schengen isanatuluke, chifukwa chilolezo chokhala ku Britain sichilowetsa munthu ku Denmark.

Amayi a ku Leeds: Zikomo nonse. Ulendowu ndi wa pakati pa Januwale, kufika Lachinayi usiku, kubwerera Lamlungu madzulo. Ana akufuna nsomba ndi Experimentarium.

Malume a ku Aarhus: Ndiye Tivoli ichotseni m'masamu, Amayi. Tengani ya maola 48, muiyatse Lachisanu m'mawa pakhomo loyamba lolandira khadi. Loweruka yambani ndi boti kukangowala, Experimentarium masana. Ngati Den Blå Planet ili pa khadi, makhadi a makolo akuoneka kuti abweza. Ya junior ija muiwerengere payokha musanalipire.