Kodi nzeru za Asitoiki zikutanthauza kungokhala chete munthu akakutukwana pa ntchito?

Nabanda, Highfield

Moni nonse. Ndine telala, ndili ndi kachipinda kuseri kwa mashopu a pa Machipisa mu Harare ndipo ndasokera pamenepa zaka 14. Mwezi watha mayi wina anandipatsa ntchito ya madiresi 8 a operekeza akwati. Tinagwirizana madola 25 diresi limodzi, anapereka 120, otsala 80 podzatenga. Sabata imeneyo magetsi ankayaka cha m'ma 10 koloko usiku n'kuzima kusanache. Makina opalasa ndi miyendo ndili nawo, koma ovaloko, makina osokera m'mphepete mwa nsalu, imafuna magetsi, ndiye masiku atatu ndinagona kushopu kudikira babu kuti liyake. Ndinamaliza Lachisanu masana m'malo mwa Lachinayi, ukwati uli Loweruka. Madiresi anatenga, koma ananditukwana pamaso pa atsikana awiri amene ndikuwaphunzitsa ntchito, mpaka kunditchula kuti mubwidi, liwu lonyozera anthu ochokera ku Malawi. Madola 80 aja mpaka lero sanapereke.

Ine ndinabadwira kuno ku Zimbabwe, agogo ndi amene anachokera ku Dedza. Koma mawu ajawo akumandidzutsa usiku. Mwana wa achimwene wanditumizira mavidiyo pa WhatsApp onena za Asitoiki, anthu a nzeru akale a ku Greece ndi ku Rome, akuti zimene sungazisinthe usamade nazo nkhawa. Ndiye ndingowasiya mayi aja? Makolo athu anapirira choncho m'mafamu ndi m'migodi, ndipo sindiona chimene anapindula.

Aphunzitsi a ku Mabvuku

Pepani kwambiri Anabanda, mawu amenewo ndi opweteka. Koma mavidiyowo akudula nkhani pakati. Amene anaphunzitsa kwambiri zosiyanitsa zimene zili m'manja mwathu ndi zimene sizili m'manja mwathu ndi Epictetus. Iyeyu anali kapolo ku Rome, mwendo wake unali wolumala, ndipo mbuye wake Epaphroditus anali mlembi wa mfumu Nero. Atamasulidwa anayamba kuphunzitsa, kenako mfumu Domitian inathamangitsa anthu a nzeru zotere mumzindamo, iye n'kukatsegula sukulu ku Nicopolis, m'dziko la Greece. Kunyozedwa ankakudziwa, sanachite kukumva kwa ena.

Tsono tengani nkhani yanu muiyale patebulo ngati nsalu, muidule zidutswa. Madzi akachepa ku Kariba magetsi n'kumazima, chidutswa chimenecho si chanu. Pakamwa pa mayi aja si panu. Koma kugona kushopu masiku atatu kuti ana a eni ake asachite manyazi pa ukwati, chimenecho chinali chanu ndipo munachichita. Kufunsa madola 80 ndi kwanunso. Chimene si chanu n'chakuti mayiyo apereka kapena ayi. Asitoiki ankati makhalidwe akuluakulu ndi anayi: nzeru, kulimba mtima, kudziletsa ndi chilungamo. Kusiya ndalama ya thukuta lanu chifukwa choopa kukangana si chilungamo, ndipo atsikana anu aja aphunzirapo zolakwika.

Za kutukwana, Epictetus ankaphunzitsa kuti chimene chimatilasa si mawu okha ayi, koma kuwavomereza mumtima kuti atichotsera kanthu. Dzifunseni usiku akakudzutsani: kodi liwu lija lasintha msoko ngakhale umodzi pa madiresi aja? Laonetsa za agogo anu a ku Dedza kapena za mayi amene analinena? Sizitha tsiku limodzi, ine ndakhala ndikuyesa zaka zambiri ndipo ana a Fomu 3 amandikwiyitsabe.

Mlonda wa ku Msasa

Aphunzitsi, mwalongosola bwino koma ine sindikugwirizana nanu kwenikweni. Mwatchula kapolo, nanga Asitoiki enawo? Marcus Aurelius anali mfumu ya Roma kuyambira chaka cha 161 mpaka 180. Seneca anali mmodzi wa anthu olemera kwambiri m'nthawi yake. Wokhuta savutika kunena kuti chuma chilibe kanthu. Bambo anga anagwira ntchito pafakitale ina zaka zoposa 30, penshoni yawo inasungunuka mu 2008 moti sinkagula ngakhale buledi. Ankangoti "zili kwa Mulungu" mpaka anamwalira. Chitupa chawo chinali cholembedwa kuti ndi mlendo ngakhale anabadwira kuno. Zinasintha ndi malamulo a dziko a 2013, pamene obadwira kuno kwa makolo ochokera m'mayiko a SADC anazindikiridwa kuti ndi nzika. Anthu akanangodekha, kodi zikanatheka? Nthawi zina mkwiyo ndi umene umamudzutsa munthu. Achemwali, pitani kunyumba kwawo mukatenge ndalama zanu.

Aphunzitsi a ku Mabvuku

Za Seneca mukunena zoona achimwene, ngakhale anthu a m'nthawi yake ankamunena chifukwa cha chuma chakecho. Komatu pamapeto Nero anamulamula kuti adziphe mu chaka cha 65, chuma sichinamuteteze. Pa za zitupa, ine ndikuona kuti amene anatithandiza ndi aja anapita ku maofesi ndi kumakhothi chaka ndi chaka osatopa. Mkwiyo umakudzutsa inde, koma sukhalitsa pa mzere. Anabanda akapita atapsa mtima, mayi aja apeza chonamizira, nkhani idzakhala ya kulalata osati ya 80.

Naphiri, Mufakose

Mwanawe, ine za mabuku sindinapite nazo patali, Asitoiki ndinawamva ku Mvano tikuwerenga Machitidwe 17, pamene Paulo anakumana nawo ku Atene. Koma ndagulitsa tomato ku Mbare Musika kuyambira ndili mtsikana, ndipo kutukwanidwa ndi mawu omwewo ndakumana nako. Usapite wekha. Tenga munthu wamkulu amene mayiyo amamulemekeza, kaya wa kutchalitchi kwawo kaya amene anamulozera kwa iwe. Ndipo uyambe ndi atsikana ako aja, uwakhazike pansi uwauze kuti zimene anamvazo n'zolakwika, ndiponso kuti unakhala chete osati chifukwa cha mantha. Iwowo ndi amene akundidetsa nkhawa kuposa ndalamazo.

Nabanda, Highfield

Zikomo nonse. Amayi a ku Mufakose, za atsikana sindinaziganize n'komwe. Ndalankhula nawo m'mawa uno tikusita mayunifolomu, ndipo wamng'onoyo analira, kumeneko ndi kumene ndadziwira kuti nayenso agogo ake anachokera ku Mozambique ndipo kusukulu ankabisa.

Mayi aja ndawalembera uthenga dzulo. Ndinaulemba katatu, awiri oyambawo ndinafufuta chifukwa munali moto. Wachitatu uli ndi tsiku limene tinagwirizana, mtengo, zimene anapereka, zotsala, ndi kuti ndidikira mpaka pa 30. Awerenga koma sanayankhe. Likadutsa tsikulo ndipita ndi amayi amene anawalozera kwa ine, avomera kale kundiperekeza. Achimwene a ku Msasa, mkwiyo ndikadali nawo, sindikunamizeni, ndipo usiku wathawu liwu lija linandidzutsanso. Ndinadzuka n'kudula malaya a oda ya Lolemba poti magetsi anali atayaka. Pachitseko ndamata pepala lakuti chovala sichituluka ndalama isanathe, ndipo ndayamba kusunga madola 5 pa oda iliyonse kuti ndigule batire ndi invata ya ovaloko. Alipo amene akudziwa kukula kwa invata imene ingakwanitse makina amodzi ndi babu?