Thiranki ya agogo: tiipereke ku myuziyamu kapena tiisunge tokha?

Mwini funso, Mangochi Boma:

Abale anga a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndilemba motalikitsa, mundipirire.

Agogo athu aamuna anatisiya mwezi wa Juni. Unyamata wawo wonse unathera panyanja. Ankagwira ntchito ku injini mu Ilala, ndipo ankanyadira kuti anailowa ikadali yonyezimira, poti inayamba kuyenda mu 1951. Itatha sadaka, tinatsegula thiranki yawo yachitsulo imene sankalola munthu kuikhudza. Ndalama munalibe, ena nkhope zinagwa. Tinapezamo zithunzi zoposa 30, ziphaso za ntchito, chipewa cha yunifolomu, makalata a Chiyao olembedwa ndi zilembo za Chiarabu, ndi kabuku momwe ankalembamo madoko ndi masiku amene mwera unavuta.

Apa ndiye pagona nkhani. Amalume, omwe ndi mwini mbumba, akuti tigulitse, poti pali mlendo wina wabwera kale kawiri kudzafunsa mtengo. Amayi akuti kanthu kasatuluke pakhomo. Sindingawanene, chifukwa zaka zapitazo munthu wina wochita kafukufuku anabwereka zithunzi zisanu agogo ali moyo, mpaka lero sitinazionenso. Ine mtima wanga uli ku Lake Malawi Museum.

Ndinene zochititsa manyazi. Ndinabadwira konkuno, koma m'nyumba imeneyi ndalowamo koyamba chaka chino. Nsanja ya wotchi ija ya 1903, yokumbukira Mfumukazi Victoria, ndimaidutsa tsiku lililonse, osadziwa kuti mfuti ili pafupi nayo inali ya sitima ya Guendolen. Chikwangwani cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946 ndachiwerenga ndili kale ndi ana, pomwe agogo ankaitchula ngoziyi nthawi zonse nyanja ikakwiya.

Pano tilipo asanu ndi awiri amene tayamba kukumana Loweruka kuti tikhale kagulu kosunga mbiri ya kuno. Ndalama tilibe, luso tilibe. Tiyambire pati? Nanga thirankiyi ndiitani kuti ndisakhumudwitse amalume ndi amayi, komanso chiswe chisatidyere?

Mphunzitsi wopuma, Malindi:

Mwanawe, pepani ndi maliro. Choyamba, musathamangire kunyamula katundu. Pitani mukakhale pansi ndi woyang'anira myuziyamu, mufunse kusiyana kwa kupereka ndi kubwereketsa. Mukapereka, chinthu chakhala cha mtundu wonse. Mukabwereketsa, chidakali cha banja lanu. Mulimonsemo pakhale pepala lolemba chinthu chimodzichimodzi, losainidwa mbali zonse, amalume anu akhale mboni. Mayi anu sakukana myuziyamu, akuopa zija za zithunzi zisanu. Pepala ndi limene lingawakhazike mtima pansi.

Mayi wosoka, Monkey Bay:

Chonde musamate laminesheni! Ife tinatero ndi zithunzi za bambo athu, pano zayamba kufufuma ndipo sizimatukanso. Osazipanikiza ndi mapini kapena selotepi. Ikani pepala loyera pakati pa chithunzi ndi chinzake, thiranki muikweze pa thebulo, isatsamire khoma. Chinyontho cha kuno chimawononga msanga kuposa njenjete.

Mnyamata wa kabaza:

Koma inu, anthu akugona ndi njala inu mukukamba za zipewa zakale? Gulitsani akulu, mugule feteleza. Komanso mbiri ya Fort Johnston, dzina lakale la Mangochi lija, ndi ya azungu. Nsanja ya Victoria ikutikhudza bwanji ife?

Wophunzira mbiri, Zomba:

Achimwene a kabaza, funso lanu ndi labwino, koma mwaona mbali imodzi. Dzifunseni kuti n'chifukwa chiyani linga la Fort Johnston linamangidwa mu 1891 moyang'anizana ndi mudzi wa Mponda. Ankafuna kutseka njira ya malonda a akapolo ndi minyanga, komanso kugonjetsa mafumu a Chiyao amene anali ndi mphamvu zawozawo. Makanjira sanagonje msanga: chaka chomwecho anthu ake anapha Cecil Maguire, mkulu wa asilikali a bwanamkubwa Harry Johnston. Jalasi anakhala m'phiri mpaka 1895. Nkhani zimenezi zili ndi zowawa zake, pali amene anagulitsa anzawo ndipo pali amene anagulitsidwa, koma zonse ndi zathu. Mu Febuluwale 1965 Masauko Chipembere ndi anthu ake analowa pabomapo usiku, ndipo alipo agogo m'midzi ya ku Malindi amene akukumbukira zomwe zinatsatira. Zawalemba ndani?

Ngakhale za Guendolen zomwezo. Mabuku amatchula Rhoades, kaputeni wa sitimayo, amene anawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku doko la Sphinxhaven (lero Liuli, ku Tanzania) mu Ogasiti 1914. Nanga amene ankasonkha nkhuni kuti sitimayo iyende, mayina awo ali kuti? Kabuku ka agogo awa n'kamtengo chifukwa kanalembedwa ndi munthu wa pansi pa sitima, osati wa pachiwongolero. Mukagulitsa, ndalamayo itha isanafike Khirisimasi.

Kwa mwini funso: jambulani tsamba lililonse ndi foni, panja pamthunzi, kenako musunge malo awiri osiyana. Lemberaninso a National Archives kuno ku Zomba ndi a Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre, mufunse uphungu wa kasungidwe ka mapepala.

Mnyamata wa kabaza:

Za Makanjira ndinkangomva dzina la dera basi. Chabwino, koma feteleza yekha sindinasinthe maganizo.

Shehe wachinyamata, Namwera:

Makalata a zilembo za Chiarabu aja musawapachike pakhoma musanadziwe zimene akunena. Mwina ndi maduwa (mapemphero), mwina ndi nkhani za m'banja zosayenera kuwerengedwa ndi aliyense wodutsa. Pezani wamkulu wa kumzikiti amene amawerenga Chiyao cholembedwa chotero, awerenge pamaso pa amayi anu. Oterewa atsala ochepa, musachedwe.

Msungichuma wa banki m'khonde:

Ine ndinena za kagulu kanuko. Timagulu tambiri timafa tsiku limene ndalama yoyamba yalowa. Lembani malamulo anu tsopano mudakali osauka. Osainira akhale atatu, ndalama isalowe pa nambala ya foni ya munthu mmodzi, ndipo malipoti aziwerengedwa pamsonkhano uliwonse. Musayambe ndi kupempha mabungwe. Yambani ndi zimene sizilira ndalama: kusesa pansanja, kuperekeza ana a sukulu imodzi pa teremu, kukhala ndi akuluakulu n'kuwajambula mawu. Ndipo musalowe m'mudzi ndi foni m'manja musanaonekere kwa amfumu.

Msodzi wakale, Malombe:

Mukamajambula musaiwale ife. Ana a lero sadziwa kuluka mono, sadziwa mtengo wosemera bwato, ena sanaonepo chambo cha m'Malombe chodzaza dengu. Beni nayenso, fufuzani kuti mayunifolomu ndi maperete aja anachokera kuti, mupeza asilikali obwera kunkhondo. Ine ndili ndi nkhafi ya bambo anga, ndingabwereketse, koma pepala lija a aphunzitsi anena likhalepo.

Mwini funso:

Zikomo nonse, ndawerenga mpaka foni kuzima. Usiku ndinawawerengera amayi yankho la a ku Malindi. Avomera kubwereketsa chipewa ndi zithunzi khumi, koma kabuku akuti kagona kumutu kwawo mpaka atamva zimene makalata aja akunena. Amalume sanayankhe, angofunsa ngati dzina la malemu lidzalembedwe pansi pa chipewacho. Ndawauza kuti tikafunsire limodzi Lachiwiri. Achimwene a kabaza, ngati muli pa Boma, mudzatinyamule ndinu, amalume mwendo ukuwavuta. A ku Malombe, nkhafi ija ndi yaitali bwanji? Tikufuna tidziwe ngati ingakwere minibasi.