Zoysia wanga akuchedwa kubiriwira, ndithire feteleza?

wokonda_maluwa:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Nyumba yomwe tinasamukiramo ili ndi kapinga wa zoysia kumaso. Nyengo yonse yozizira anali wouma, ndipo anandiuza kuti ndi khalidwe lake. Koma pano kwafunda, mitengo yaphukira, kapinga wa aneba ali biliwiri, wanga wangotulutsa timasamba apo ndi apo, makamaka m'mbali mwa khonde la simenti. Kumthunzi wa nyumba kulibe kanthu. Feteleza ndagula kale, ndithire kuti adzuke msanga? Chinanso, pakati pali malo awiri ozungulira, pafupifupi mita imodzi mulifupi, m'mphepete mwake masamba ndi achikasu chopita ku lalanje.

mlimi_wopuma:
Amayi, thumbalo lisungeni kaye. Zoysia ndi udzu wa nyengo yotentha, kwawo ndi ku Japan, Korea ndi China, ndipo chomwe amamvera ndi kutentha kwa dothi, osati kwa mpweya. Amayamba kudzuka dothi likafika madigiri 10 mpaka 13, koma kukula kwenikweni kumayamba likapitirira 18. N'chifukwa chake wayambira pasimenti pomwe pamafunda msanga, kumthunziko kudzakhala komaliza. Wa anebawo mwina ndi fescue kapena ryegrass, mitundu yokonda kuzizira. Asiyeni, dzuwa likaswa mtengo adzasirira wanu ndi iwo.

Mukathira feteleza pano mudyetsa udzu wongomera wokha, chifukwa mwini malo, zoysia uja, ali m'tulo. Dikirani abiriwire yense, mumutchetche kawiri, kenako muthire. Sadyanso kwambiri: naitrojeni (chakudya cha mbewu chopezeka mu feteleza) pafupifupi kilogalamu 1 pa masikweya mita 100 akwanira chaka chonse, mogawa.

Chomwe chandidetsa nkhawa ndi malo ozungulirawo. Akuoneka ngati matenda otchedwa large patch, oyamba ndi fangasi (mtundu wa nkhungu) wa Rhizoctonia solani. Kokani tsamba limodzi la m'mphepetemo. Likasololoka mosavuta, kumunsi kwake kuli kovunda, ndi omwewo. Amakonda chinyontho, kazizira pang'ono ndi naitrojeni, ndiye feteleza wanuyo akanangowonjezera moto. Mankhwala ake amagwira bwino nyengo yotentha ikamatha, dothi likamayamba kuzizira. Pano kapingayo adzadzichiritsa yekha kukatentha, kungoti mochedwa, poti zoysia amayanga pang'onopang'ono.

wotchetcha_kapinga:
Bambo anena zoona. Ine ndiwonjezere kuti tsitsani makina, mumumete pansi kamodzi, masamba ouma onse achoke, muwole n'kutaya. Dzuwa likafika padothi amadzuka msanga. Mukatero bwererani pa masentimita 3 mpaka 5. Mpeni wa makina muunole, tsamba la zoysia ndi lolimba, mpeni wobuntha umangolinyenya nsonga n'kumaoneka zotuwa.

mlimi_wopuma:
Kumeta sindikukana achimwene, bola atsimikize kuti usiku wozizira mpaka madzi kuundana sudzabweranso, apo ayi mphukira zatsopano zipsa. Koma asapale ndi chipangizo chokumba udzu wakufa wosanjikizana pansi paja. Zoysia amaunjika wambiri, ndipo ukapitirira sentimita imodzi ndi theka umafunika kuchotsa, inde, koma ntchito imeneyo ndi ya nthawi yomwe akukula mwamphamvu, kuti mabala apole msanga.

wokonda_maluwa:
Ndakoka tsamba lija, lasololoka, kumunsi kuli kwakuda. Zikomo bambo. Nanga madzi? Ndimathirira madzulo aliwonse ndikaweruka kuntchito.

mlimi_wopuma:
Madzulo ayi amayi, udzu ukagona wonyowa fangasiyo amasangalala. Pano ngati dothi lili ndi chinyontho musathirire n'komwe. Kukatentha, madzi okwana masentimita 2.5 pa sabata, kuwerengera ndi mvula yomwe, m'mamawa, kamodzi kapena kawiri basi. Ikani kachitini pakapinga pothirira kuti muziyezera. Ndipo potchetcha, malo odwalawo muzimalizira, kenako mutsuke makinawo.