Ciabatta ikutuluka yolemera, mabowo palibe

Wa ku Mangochi: Akuluakulu, ndithandizeni. Kuloji komwe ndimagwira ntchito alendo amakonda ciabatta (buledi wa ku Italy wokhala ndi mabowo mkati), koma chiyambireni kutentha kwa Okutobala ikutuluka yolemera, mkati mogwirana ngati chigumu, kunja kofewa. Biga, mtanda woyamba wofufumitsira mtanda wonse, ndimakanda madzulo: ufa kilogalamu imodzi, madzi magalamu 500, yisiti pang'ono. M'mawa ndikuipeza itagwa pakati, ikununkha mowa. Ufa sindinasinthe.

Wa ku Johannesburg: Achimwene, fungo la mowalo ndiye yankho. Biga yanu yafufuma mopitirira. Ku Italy amaisunga pozizira, madigiri 18, kwa maola 16 mpaka 18. Kunyanja kwanuko usiku wa Okutobala sizingatheke. Kukatentha yisiti imadya msanga, asidi amachuluka n'kufooketsa gluten (protein ya mu ufa imene imanyulula mtanda), ndiye mtanda sugwiranso mpweya. Muziisiya panja maola awiri okha, kenako mufiriji mpaka m'mawa.

Wa ku Mangochi: Firiji ilipo achimwene, koma magetsi amakonda kuzima usiku.

Mayi wa ku Lilongwe: Mwanawanga, tengani cooler box, muikemo mabotolo awiri a madzi oundana pamodzi ndi beseni la biga. Yisiti chepetsani ndi theka, ndipo muzikandira madzi ozizira. Koma ndifunseko, mtanda wonse ukakwana mumathira madzi ochuluka bwanji?

Wa ku Mangochi: Magalamu 650 pa kilogalamu ya ufa, mayi. Ndikawonjezera umamata m'manja.

Mayi wa ku Lilongwe: Achepa kwambiri. Fikitsani pa 750 kapena 800, kuwerengera ndi a mu biga omwe. Kumatako musakuope, buledi ameneyu ndi mmene alili. Arnaldo Cavallari, amene anamuyambitsa ku Adria, ku Italy, mu 1982 pofuna kupikisana ndi baguette, buledi wautali wa ku France, anadalira mtanda wonyowa womwewo. Madziwo ndi amene amatsegula mabowo. Nyowetsani manja, kokani mtanda n'kuupinda mubeseni momwemo mphindi 30 zilizonse, katatu kapena kanayi. Ukafufuma utsanulireni pa tebulo lowazidwa ufa wambiri, muudule ndi scraper, kachitsulo kodulira mtanda. Osauphwanya, osaukulunga. Ine zimandipweteka kuona munthu akufinya mpweya umene waudikira maola atatu.

Wa ku Johannesburg: Zoona mayi. Za kunja kofewako, uvuni utenthe kaye mpaka madigiri 240, thileyi ili mkati. Polowetsa buledi thirani kapu ya madzi otentha m'chiwaya chapansi kuti mukhale nthunzi. Pakatha mphindi 15 chotsani chiwayacho, buledi aume bwino. Akapsa aziziziritsidwa pa waya. Mukamuika m'jumbo akadali wofunda, khungu limafewa nthawi yomweyo.

Wa ku Mangochi: Zikomo kwambiri akuluakulu, usiku uno ndiyamba ndi cooler box. Nanga ufa womwewu upirira madzi 800?

Mayi wa ku Lilongwe: Werengani pathumba. Ngati protein yafika magalamu 12 pa 100 alionse, upirira. Ngati ndi yochepera pamenepo imani pa 720, ndipo muwonjezere kupinda kamodzi.