Tenti yoima yokha kapena yokhomera zikhomo: ndisankhe iti?

Abale anga amene mumayenda maulendo ataliatali wapansi mutabereka chikwama, ndithandizeni maganizo. Ndikukonzekera ulendo wa masabata angapo ndipo nkhani ya tenti yandiimitsa mutu.

Tenti yoima yokha imandikopa chifukwa mizati yake imapingasana n'kuigwira ngakhale osakhoma chikhomo. Pathanthwe kapena pamchenga wofewa imaima ndithu, ndipo ukaona kuti pamalopo pali mizu, umangoinyamula n'kuisuntha. Vuto ndi kulemera. Zambiri za anthu awiri zimayandikira makilogalamu 2, pomwe zina zokhomera, zimene zimaimikidwa ndi ndodo zoyendera, sizifika n'kilogalamu imodzi yomwe. Kusiyanaku msana umakumva tsiku lililonse, makamaka pokwera chitunda madzi ndi chakudya zili m'chikwama.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: mukafika madzulo mutatopa, mvula ikugwa, nthaka ili gwa moti chikhomo chikungopindika, mumatani? Ndamva kuti ena amamangirira zingwe kumiyala ikuluikulu. Kodi zimenezi zimagwiradi mphepo ikamaomba usiku wonse? Nanga ndodo imodzi ikathyoka masana, usiku umenewo mumagona bwanji?

Palinso nkhani ya chinyezi. Matenti ambiri opepukawa ali ndi nsalu imodzi yokha, ndiye mpweya umene munthu akupuma umasanduka madontho m'kati n'kunyowetsa chofunda. Kodi kutsegula khomo pang'ono kumakwanira?

Mtima wanga ukupendekera ku yopepukayo. Inu amene munagwiritsapo ntchito zonse ziwiri, chonde ndiuzeni ngati munabwerera ku yoima yokha, komanso chimene chinakubwezani.