Carbon fibre ikumatuka kuseri pobowola, vuto ndi biti kapena dzanja?

Wa pa Kamuzu Road:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Pali chipepala cha carbon fibre chokhuthala mamilimita 4, chofunika mabowo 12 a mamilimita 6, chikagwirizire sola pamwamba pa boti ku Senga Bay. Biti ndi ya HSS yobowolera zitsulo, drill ndi ya pamanja. Polowera bowo likutuluka bwino, koma kuseri kukumera ndevu, khungu lomaliza n'kutukuka ngati thuza. Pa bowo lachinayi payamba kununkha kupsa.

Mmisiri wa ku Chipoka:
Zonse ziwiri achimwene, koma yambani ndi biti. Carbon si chitsulo chimodzi ayi, ndi nsalu zaulusi zosanjikizana, zomatidwa ndi guluu wolimba wotchedwa epoxy. Ulusi wake ndi wochepetsetsa, pafupifupi ma micron 7 (milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000), koma umakhula mpeni wa biti ngati nsangalabwi. HSS imabuntha pa mabowo owerengeka chabe, ndipo ikabuntha sidulanso, imangokankha. Ikafika pansi pamakhala patatsala nsalu imodzi kapena ziwiri zopanda chozigwira, ndiye m'malo modulidwa zimangomatuka. Thuza mukulionalo ndi limenelo.

Pezani biti ya carbide, yolimba kuposa ya HSS. Pansi pa chipepalacho yalani plywood yosalala, mupane ndi ma clamp awiri pafupi ndi bowo, osati kungotsamira ndi bondo. Pakangotsala mpata ngakhale woti pepala la kope n'kulowa, thabwalo palibe chimene lathandiza. Bowo lililonse lipeze malo atsopano pa thabwapo.

Yambani ndi biti ya mamilimita 3, kenako ya 6. Nsonga yapakati pa biti sidula, imakanikiza, ndipo mphamvu yambiri yomatula imachokera pomwepo. Kabowo koyambako kamaichotsera ntchito. Ya 6 izungulire mwina 3,000 pa mphindi, koma kutsika kwake kukhale kwa pang'onopang'ono, ngati mamilimita 0.05 pa kuzungulira kumodzi. Milimita yomaliza pepukitsani dzanja, biti izidya yokha. Apa m'pamene drill ya pamanja imapusitsa anthu, imagwera mkati mwadzidzidzi. Ngati pali ya pa tebulo yobwereka, bwerekani.

Mayi Injiniya, Salima boma:
Za kupsazo musazitenge mopepuka, bambo. Ulusi supsa msanga, chimene chikununkha ndi epoxy. Yambiri youma yokha popanda uvuni imayamba kufewa isanafike n'komwe madigiri 80 Celsius, ndipo carbon sitaya kutentha kudzera m'zipalo zotuluka pobowola monga chimachitira chitsulo. Moto wonse umatsalira pa biti ndi m'khoma la bowo. Kutsika mozengereza kwambiri nakonso n'kulakwa, biti imangopekesa. Muziitulutsa pafupipafupi fumbi lichoke. Oilo musathire, amalowa m'ming'alu ndipo guluu sadzagwiranso pamenepo.

Mabowo anayi aja ayeseni ndi ndalama yachitsulo ya K10. Gogodani mozungulira bowo: pabwino pamalira kuti ngwe ngwe, pomatuka pamalira mogontha. Zingani ndi choko. Ngati chomatukacho n'chaching'ono, thirani epoxy yamadzimadzi m'mphepete, mupane mpaka mawa, mubowolenso. Chikakula mpaka kupyola washala, sunthani bowo.

Mukawalitsa tochi mkatimo mupeza mbali zina zosalala, zina zokumbika timaenje. N'chifukwa choti mpeni pozungulira umakumana ndi ulusi mosiyanasiyana, ndipo pamene ukuuzula chobwerera m'pamene umathothola. Biti yakuthwa imachepetsa, koma siithetsa.

Wa pa Kamuzu Road:
Zikomo mayi. Nanga ndevuzo ndizimete ndi fayilo?

Mmisiri wa ku Chipoka:
Fayilo ya mano akuluakulu imakoka ulusi n'kuwonjezera bala. Kulungani sandipepala wa 240 pa kamtengo, muzikhula cholowera mkati mwa bowo, osati chotuluka. Podula m'mbali matani tepi pa mzere, mudule ndi disiki ya diamond yodulira matailosi kapena sowo ya mano 32 pa inchi. Mukatha pakani epoxy m'mphepete monse chinyontho chisalowe.

Fumbi lake ndiye loipa. Limayabwa, limalowa m'chifuwa, komanso limadutsa magetsi: likalowa mu drill, mu inverter kapena mu chaja, dikirani shoti. Valani masiki yosefa fumbi losalala ya P2 kapena P3, osati kansalu, ndipo musapemerere ndi kompuresa. Pukutani ndi chinsanza chonyowa.

Mayi Injiniya, Salima boma:
Chimodzi chatsala. Felemu ya sola ndi ya aluminiyamu, ndipo aluminiyamu akakhudzana ndi carbon ponyowa, amene amadyeka ndi aluminiyamuyo. Nyanja yathuyi ilibe mchere ndiye zimachedwerapo, koma pa boti chinyontho sichitha. Ikani labala kapena pulasitiki pakati pawo, mabawuti akhale a chitsulo chosachita dzimbiri cha stainless 316, mawashala otambalala mbali zonse ziwiri. Pakati pa bowo patalikirane ndi m'mphepete katatu kukula kwa bawuti, kutanthauza mamilimita 18 pa ya 6. Pomanga musalimbitse mpaka kumva kuti tswa. Mukamva zimenezo mwaphwanya kale nsalu zamkati.