Zowonjezera pa funso la mayi wa mimba ya miyezi 5 amene sakunenepa

Mayi wa ku Katete amene anafunsa chifukwa chake wangowonjezera makilogalamu 2 watiuzanso kuti kusanza kunaleka ndipo akudya. Ndiye nazi zoti muyang'anire tsopano, amayi.

Miyezi itatu yoyamba kuwonjezera 0.5 mpaka 2 kg n'kokwanira. Kuyambira mwezi wachinayi, mayi wa thupi lapakatikati aziwonjezera pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata, kuti pa mimba yonse zikwane 11.5 mpaka 16 kg. Wochepa thupi amafunika 12.5 mpaka 18, wonenepa kwambiri 5 mpaka 9 basi.

Ambiri amalakwitsa pochulukitsa nsima. Nsima imakhutitsa koma siyiwonjezera magazi. Chulukitsani ndiwo: kapenta, nyemba, dzira, chibwabwa kapena bondwe wotendera nshawa. Pakati pa chakudya idyani phala la soya, mbatata kapena nthochi. Zoti dzira limachititsa mwana kubadwa wopanda tsitsi si zoona.

Mapiritsi a ayironi ndi folic acid a kusikelo muzimwa tsiku lililonse, koma osati ndi tiyi, chifukwa tiyi amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi. Chimbudzi chikada musadabwe, ndi mapiritsiwo. Fansidar nayenso musamuphonye, malungo amachepetsa magazi ndi kukula kwa mwana.

Sikelo ikakwera mwadzidzidzi, nkhope ndi manja zitatupa, mutu ukupweteka kapena maso akuchita chidima, kumeneko si kunenepa. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo akakuyezeni BP ndi mkodzo.